Mseu, Mpope ndi Pangano: Phunziro la m'Makomboni a Lusaka

Mphunzitsi ali yense amene anaphunzitsapo ku Chawama, ku George kapena ku Kanyama adziwa kuti ana athu aloweza bwino maina a David Livingstone ndi Cecil Rhodes, pamodzi ndi zaka za maulendo ao. Koma mukamfunsa mwana kuti, Kodi mseu umene wadzera pobwera ku sukulu anaupima ndani, ndipo unakhotera pa msika paja cifukwa ninji? iye angoyang'ana pansi. Nafenso aphunzitsi kawiri-kawiri sitidziwa. Tsono m'nkhani yino ndifuna kulongosola mbiri ya makomboni athu pa mbali imodzi yokha, ndiyo ya nchito zazikulu za Boma ndi za alendo zimene zinafika pakati pa anthu osauka, ndi umo eni malo anapindulira nazo kapena kusaukira nazo. Nchito zotere zikali kubwera, ndipo tsiku lina makolo a ana athu adzafika pa khomo la sukulu kudzatifunsa nzeru.

MZINDA WOPANDA MALO A OMANGA ACE

Njanji inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka m'caka ca 1905, ndipo zaka zambiri malowo anali kasiteshoni cabe ka alimi acizungu, kokhala ndi masitolo owerengeka ndi matope ambiri. M'caka ca 1931 Boma la Northern Rhodesia linatsimikiza zocotsa likulu lace ku Livingstone, niliitana Professor Adshead wa ku London kuti alembe mapu a mzinda watsopano. Ndipo m'caka ca 1935 likulu linasamukira ku Lusaka. Mapuwo anali okongola ndithu, a miseu yotakata ndi mitengo m'mbali, ndi nyumba za Boma pamwamba pa mtunda. Koma munthu wakuda anawerengedwa monga mlendo, wobwera kudzagwira nchito kanthawi ndi kubwerera kumudzi kwao. Nyumba yace inali ya bwana wace; nchito ikatha, nyumbanso yatha.

Komabe mzinda uti ukwere pafunika manja, ndipo eni manjawo ayenera kugona. Cotero akontrakitala ndi eni mafamu a m'mbali mwa tauni analola anchito ao kumanga tinyumba ta mitengo ndi dothi pa malo ao, pafupi ndi migodi ya miyala ndi ng'anjo za njerwa. Nchito itatha anthuwo sanacoke, ndipo ena anabwera kudzamanga pambali pao, namalipira lendi kwa mwini malo mwezi ndi mwezi. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri ali ndi maina a Azungu: Marrapodi anali Mtaliyana woocha laimu, John Laing ndi John Howard anali makampani omanga, George anali mwini malo, ndipo Chawama poyamba inachedwa Roberts. Pangano linalipo pa masiku amenewo linali la lendi lokha. Mwini malo analandira ndalama osakumba ngakhale citsime, ndipo a tauni anati malowo ali kunja kwa malire ao.

Lamulo la nyumba za anthu akuda la m'caka ca 1948 linakakamiza matauni kumanga nyumba zoti munthu nkukhalamo ndi mkazi ndi ana, ndipo m'zaka zotsatira munamangidwa Matero ndi Chilenje watsopano. Koma nyumbazo zinali zocepa, ndiponso zinali za okhawo olembedwa nchito. Mmisiri wodziimira yekha, mai wogulitsa pa msika, ndi nkhalamba yopuma nchito, onsewa malo ao anali ku komboni.

UFULU NDI KUSEFUKIRA KWA ANTHU

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu anafika ngati madzi a mvula yoyamba. Kalembera wa 1963 anapeza anthu ngati 123,000 mu Lusaka. Wa 1969 anapeza oposa 260,000. Ndipo pofika 1974 anali ngati 400,000. M'caka ca 1970 malire a mzinda anakuzidwa kucokera pa makilomita 93 kufika pa 360 m'bwalo lace lonse, kotero kuti makomboni aja anali kunja analowa m'kati, ndipo Khonsolo sinathenso kunena kuti si anthu ace. Pa nthawi imeneyo anthu oposa anai mwa khumi ali onse a mu mzinda anali kukhala pa malo osaloledwa ndi lamulo.

Poyamba akulu a Boma anaganiza kuti mankhwala ace ndiwo kugwetsa ndi kusamutsa. M'caka ca 1967 anapima mapuloti ku m'mawa kwa mzinda, pa malo amene tsopano achedwa Mtendere, kuti anthu a ku Kalingalinga asamukireko. Colinga cinali cabwino, pakuti ku Kalingalinga kunalibe madzi okwanira kapena miseu; koma eni ace sanafunsidwe. Ena anapita, ambiri anakana; mapuloti ena anatengedwa ndi anthu a kwina, ndipo Kalingalinga inakhalabe pamalo pace. Boma linatsala ndi makomboni awiri pamene linafuna kutsala ndi imodzi.

Maganizo anasintha m'caka ca 1972, pamene cikonzero caciwiri ca citukuko ca dziko cinabvomereza poyera kuti nyumba zimene osauka anadzimangira ndi cuma ca dziko, coyenera kukonzedwa pamalo pomwepo. Ndipo m'caka ca 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lopatsa Nduna mphamvu yakulengeza komboni kukhala malo oyenera kukonzedwa, ndi kupatsa mwini nyumba cikalata ca cilolezo ca zaka 30. Kwa munthu amene anagona zaka makumi awiri akuopa thalakitala, pepala limenelo linali lolemera koposa malata.

ULENDO WOPIMA MISEU

M'caka comweco ca 1974 Boma la Zambia linakongola madola mamiliyoni 20 ku World Bank, niliikapo ndalama zacenso, kuti likonze makomboni akulu a Chawama, George, Chaisa ndi Chipata. Khonsolo inatsegula ofesi yapadera yochedwa Housing Project Unit, m'mene munali mainjiniya, olemba mapu, osunga ndalama, ndi anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa kuyenda khomo ndi khomo kukambirana ndi anthu. Pa maphunziro a anthu amenewa anathandiza a UNICEF ndi a mpingo wa Quaker a ku America. Zolonjezedwa zinali izi: mpope wa madzi pa nyumba 25 ziri zonse, miseu yoti galimoto nkulowa, ngalande, nyali za mu mseu, kucotsa zinyalala, masukulu, zipatala zazing'ono, misika ndi nyumba za misonkhano. Eni nyumba nawo anayenera kulipira kandalama mwezi ndi mwezi.

Bvuto lalikulu linali la miseu. M'komboni nyumba zinali zothithikana, zoyang'ana uku ndi uku monga mwini anakondera, ndipo sikunali kotheka kupititsa mseu popanda kugwetsa zina. Mwa cizolowezi ca masiku akale injiniya akadakhala mu ofesi ndi rula yace, nalemba mzere woongoka, natumiza thalakitala pamodzi ndi apolisi. Koma a ofesi ija anacita mwina. M'dera liri lonse anakhazikitsa kagulu kopima miseu, ka atsogoleri a cipani ca UNIP a m'deralo ndi akulu ena odziwika. Mainjiniya anauza kaguluko zofunika zace za mseu: kukula kwace, kumene uyenera kuturukira, ndi kumene madzi a mvula adzapita. Zitatero onse ananyamuka pamodzi wapansi, nayenda m'tinjira ta komboni, eni nyumba ataima pa makomo pao. Pano anaima nakambirana, apo anatsutsana; ndipo mseu unakhota kuti upulumutse nyumba yabwino ya njerwa kapena nyumba ya mapemphero, nudzera pa malo pamene zogwetsa zinali zocepa. Atagwirizana, ndipo pamene injiniya analemba mzere pa pepala.

Amene nyumba zao zinagwera mu mseu sanatayidwe kutali. Pambali pa komboni iri yonse Boma linapeza malo opanda nyumba, nilipima mapuloti, ndipo osamutsidwawo ndiwo anali oyamba kupatsidwa. Analandiranso ngongole, koma ya zipangizo, monga simenti ndi malata, zokatenga ku nyumba yosungiramo katundu ya pomwepo, kuti ndalama zingathere ku zina. Ana sanasinthe anzao, mai sanataye malo ace pa msika, ndipo bambo anayendabe njira yomweyo ya ku nchito. Mabanja zikwi zingapo anasamuka motero popanda cipolowe, kufikira kuti ena amene mseu unawalambalala anadandaula kuti atsala. Alendo a maiko ambiri anabwera kudzaona cimene cinacitika mu Lusaka. Ndipo miseu yokhota-khota imene ana athu ayendamo lero ku George ndi ku Chawama ndiyo mboni ya zokambirana zija.

PAMENE PANGANO LINADUKIRA

Koma mbiri isakhale yoyamika cabe. M'caka ca 1975 mtengo wa kopa unagwa, ndipo cuma ca dziko cinalowa pansi. Malire a ku Rhodesia anali otsekeka kuyambira 1973, ndipo zipangizo zinasowa ndi kukwera mtengo. Zina mwa nyumba zolonjezedwa zinacepetsedwa. Koposa apo, nchito zimene zinayenera kucitika tsiku ndi tsiku zinalephereka: magalimoto a zinyalala anabwera mwa apo ndi apo mpaka analeka, mipope yoonongeka inakhala osakonzedwa, ndipo miseu inakumbika ndi mvula. Anthu poona izi anati, Tilipiriranji cinthu cimene sitilandira? Ndipo a Khonsolo anati, Tikonza ndi ciani popeza simulipira? Posacedwa oposa theka la eni nyumba anali ndi ngongole ya miyezi yambiri. Nchito yonse inatsekedwa m'caka ca 1981, ofesi yapadera ija inatha, ndipo anthu amene anayenda ndi eni komboni m'tinjira anabalalika.

Apa tiyenera kupenyetsetsa. Za miseu anthu anakambirana, ndipo zinayenda. Koma za kusamala nchitoyo itatha sanakambirane mokwanira. Mwini nyumba anasaina pepala lonena zimene iye ayenera kulipira, ndi cilango cace akalephera. Koma panalibe pepala m'manja mwa anthu a komboni lonena kuti galimoto ya zinyalala idzabwera kangati, mpope ukaonongeka udzakonzedwa m'masiku angati, ndi kumene anthu adzapita kukasuma Khonsolo ikalephera. Pangano linamanga mbali imodzi, ndipo mbali inayo inangolonjeza pakamwa.

Panalinso ena amene mau ao sanamveke. Popeza dziko linali la cipani cimodzi kuyambira 1973, olankhulira anthu anali akulu a cipani, ambiri a iwo amuna ndi eni nyumba; amai otunga madzi ndi anthu a lendi anali kumbuyo. Mai Ann Schlyter wa ku Sweden, amene anatsata mbiri ya George zaka zambiri kuyambira ca kumapeto kwa zaka za 1960, analemba za kuculuka kwa anthu a lendi komboniyo itakonzedwa. Malo akakoma mtengo wace ukwera, ndipo wosauka wopanda cikalata ndiye ayamba kucoka.

Ndipo kunali Kanyama, imene sinalowe konse m'nchito ya 1974. Kanyama yakhala pa thanthwe la mwala wa laimu, pa malo athyathyathya, pamene kukumba ngalande ndi kobvuta ndi kodula, ndipo madzi a pansi ali pafupi. M'caka ca 1978 mvula yaikulu inadzaza komboniyo, nyumba zambiri za zidina zinagwa, ndipo anthu anafa. Mwala womwewo uli ndi ming'alu imene zoipa za m'zimbudzi zidzeramo kufika m'zitsime zosaya; ndico cifukwa cace kolera ya 2017 ndi 2018, ndiponso ya 2023 ndi 2024, inasautsa Kanyama kwambiri. Malo osiyidwa cifukwa ca kudula kwa nchito analipira ndi miyoyo.

KALINGALINGA NDI MADZI A M'ZIGUBU

Kalingalinga, imene inakana kusamuka mu 1967, inafikiridwa m'zaka za 1980, pamene Khonsolo inagwirizana ndi bungwe la Boma la Germany lochedwa GTZ. Apa anaphunzirapo kanthu pa zolakwa zakale. Nchito inayenda pang'ono-pang'ono, cigawo ndi cigawo. Komiti ya eni komboni inali ndi mau pa zoyamba kumangidwa ndi pa kagawidwe ka mapuloti. Ndipo ndalama za ngongole zinaikidwa m'thumba lozungulira, lakuti wina akabweza mnzace akongole. Munthu wozengereza kubweza anadziwa kuti amene akumcedwetsa ndi mnansi wace. Sukulu, cipatala ndi msika zinamangidwa, ndipo anthu amene Boma linafuna kuwacotsa anakhala eni malo mwa lamulo.

M'zaka za 1990 Boma la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kuika mipope ku George, ndipo bungwe la CARE linagwira nchito ndi makomiti a anthu m'makomboni angapo. Mwa nchito imeneyi kunabadwa mabungwe a madzi a eni komboni, monga Kanyama Water Trust, kuciyambi kwa zaka za 2000. Cosiyana ndi kale cinali cakuti zinthu zinalembedwa: wogulitsa madzi pa mpope asankhidwa pakati pa eni dera nalandira malipiro, mtengo wa cigubu ca malita 20 udziwika, ndalama ziwerengedwa, ndipo bungwe ligwira nchito mwa pangano ndi kampani ya madzi ya mzinda. Mabvuto sanathe, pakuti anthu aculuka koposa mipope. Koma mpope ukauma, mai wa cigubu adziwa khomo lakugogoda.

Nchito ina yaikulu inali ya madzi, zimbudzi ndi ngalande, imene Boma la America linapereka madola ngati mamiliyoni 355 mwa pangano losainidwa mu 2012. Pa nchito imeneyi anthu ogwetseredwa mipanda, masitolo ndi nyumba analembedwa maina ndi kulipidwa, ndipo panali njira yoperekera madandaulo. Komabe nthawi ya pangano itatha mu 2018, nchito ya mipope ya zoipa ku Mtendere inali isanathe, ndipo panatsala funso lomwe lija la 1981: alendo akapita, atsiriza ndani, ndipo banja losauka lilumikiza nyumba yace ndi ndalama ziti?

ZOYENERA KULEMBEDWA

Si kuno kokha kumene osauka anaphunzira zimenezi. Ku Los Angeles, m'dziko la America, m'caka ca 2001, mabungwe a anchito, mipingo ndi eni nyumba a m'dera losauka anakana kubvomereza zomanga zazikulu pafupi ndi bwalo la masewera la Staples Center kufikira omangawo atasaina pangano. M'panganomo munalembedwa kuti eni dera akhale oyamba kulembedwa nchito, kuti pamangidwe nyumba za mtengo wocepa, ndi kuti paperekedwe ndalama za mabwalo osewerera ana. Mphamvu yace inali yakuti anthuwo anasaina nawo monga mbali imodzi ya pangano, ndipo akadatha kupita nalo ku bwalo la milandu.

Ife tiri nazo zipata zina zimene makolo athu analibe. Lamulo la zacilengedwe la 2011 lifuna kuti nchito yaikulu isanayambe eni malo afunsidwe, ndipo bungwe la ZEMA lilandira madandaulo ao. Lamulo la mapulani a mizinda la 2015, limene linalowa m'malo mwa lija la 1974, linenanso za kufunsa anthu. Ndipo m'wadi iri yonse muyenera kukhala komiti ya citukuko. Koma kufunsidwa pa msonkhano ndi kusaina pangano ndi zinthu ziwiri. Mwa mbiri imene taiona, msika wamakono, fakitale kapena mseu waukulu ukafika pa komboni, eni ace ayenera kupempha kuti zinthu izi zilembedwe nchito isanayambe. Coyamba, osamutsidwa onse, a lendi omwe, alembedwe maina, ndipo malo ao atsopano akhale pafupi ndi okonzeka asanagwetse nyumba. Caciwiri, cidziwike ciwerengero ca eni dera olembedwa nchito ndi ophunzitsidwa umisiri. Cacitatu, madzi a mvula ocokera pa nchitoyo adziwike kumene adzapita, kuti angadzaze nyumba za kumunsi. Cacinai, achulidwe amene adzasamala mpope, ngalande ndi mseu omanga atapita, ndi ndalama zace. Cacisanu, pakhale masiku owerengeka ndi khomo lokasumako. Ndipo osaina asakhale akulu awiri kapena atatu ogulika ndi mphatso, koma osankhidwa poyera, amai ndi a lendi ali m'kati. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ena adzati zimenezi zithawitsa eni cuma ndi kucedwetsa citukuko. Koma yankho liri m'mbiri yathu yomwe: Mtendere inapimidwa msanga popanda kufunsa, ndipo colinga cace cinalephereka, miseu ya George inacedwa ndi zokambirana, ndipo iripo kufikira lero.

GAWO LA MPHUNZITSI

Abale ndi alongo m'nchito, sitiri akatswiri a malamulo, ndipo si bwino kuti sukulu isanduke bwalo la ndale. Koma m'komboni mphunzitsi ndiye mmodzi wa anthu amene akhoza kuwerenga cikalata ca Cingelezi cobvuta ndi kucimasulira m'Cinyanja mosakometsa ndi mosabisa. Akhoza kulemba zokambidwa pa msonkhano, ndi tsiku lace, ndi maina a olonjeza. Akhoza kusunga pepalalo m'kabati ya sukulu kapena ya mpingo, kumene lidzapezeka ngakhale zitapita zaka khumi. Imeneyi ndi nchito ya cifundo monga kuceza ndi odwala.

Tsono ndipempha kuti pa cigawo cikudzaci ana a makalasi apamwamba atumidwe awiri-awiri kwa nkhalamba zimene zinalipo m'zaka za 1970, pakuti zatsala zocepa. Akafunse kuti: Munafika liti pano, ndipo lendi munalipira kwa yani? Kodi munayenda nawo popima mseu? Anakulonjezani ciani, ndipo cinacitika nciani? Pobwera alembe mapu a dera lao, aonetse mpope wakale, ngalande, ndi pamene mseu unakhota, ndi cifukwa cace. Zolemba zabwino zitumizidwe kwa Mkonzi, makamaka za ku Kanyama, Matero ndi Mtendere, kuti tidzaziwerenge pamodzi m'kope lotsatira.